Mapazi Pansi pa Mlatho

Che Usumani sankayang'ana chinthu ali chiimire. Akati aone mbuzi ankanjuta, akati aone mwana ankagwada, mutu utapendekera kumanzere. Anthu a pa Liwonde ankati kamera idawapinda msana, komabe wofuna chithunzi cha ukwati kapena cha pasipoti ankapita kwa iwo.

Che Usumani atamwalira, sadaka ya tsiku lachitatu itatha, mbale zisanatsukidwe, Che Sufiyani, mlongo wa mkazi wamasiyeyo, anatsegula bokosi la malemu.

"Zuhura, tseka chitsekocho," anauza mwana wa malemu. "Bwera uone zimene atisiyira bambo ako."

Chinali chithunzi chakuda ndi choyera cha mlatho wa pa Shire, koma osati monga amauonera oyenda pamwamba. Malemu anaujambula atagona chagada m'bwato, pansi pake penipeni. Zipilala zinakwera ngati miyendo ya njovu, kumimba kwa mlatho kuli bii, zisa za anamzeze zitamatirira m'makona.

"Ichi chipse lero," anatero Che Sufiyani. "Mlatho sajambula. Achinyamata a chipani akachiona adzati tinkafuna kuuphulitsa. Malemu apumula, okatsekeredwa ndi ife."

"Chakhala zaka m'bokosimo, mjomba, sichinalume munthu."

"Chinali ndi mwini wake wodziwa kuseka ndi apolisi. Iwe mawa ukwera basi kubwerera kwa amuna ako ku Balaka. Otsala nacho ndi mayi ako."

Zuhura anadziwa kuti n'zoona. Ananyamula chithunzicho kuti apite nacho kumoto.

"Tabwera nacho kuno."

Anali mayi ake, Abiti Mailosi, amene chiikireni maliro anali asanalankhule. Anachiyala pamkeka, nagwada, napendeketsa mutu. Kenaka anaseka.

"Taonani chala chokhota chija!"

M'munsi mwa chithunzicho, pansonga ya bwato, panali mapazi awiri opanda nsapato. Chala chachikulu cha kumanja chinakhotera kunja.

"Munthu anajambula Machinga yense, ngakhale agalu a azungu, koma nkhope yake iyayi. Ankati wojambula sajambulidwa. Kani anatisiyira mapazi!" Anapukuta fumbi ndi nsonga ya mpango. "Alhamdulillahi, bola amenewa. Ndi amene ankayenda mpaka ku Nselema kuti inu mudye."

Che Sufiyani anawerama, nayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndi iwodi alamu," anatero. "Koma alongo, m'nyumba muno chisakhale."

"Sichikhala," anayankha Zuhura. "Ndipita nacho."

"Udutsa nacho pamlatho pomwepo? Apolisi amasecha katundu paja!"

Zuhura anatsegula chikwama chake. Anatulutsa nsalu yake ya chipani, ya nkhope ya Pulezidenti, imene ankavala kokavina, nakulunga chithunzicho bwinobwino, n'kuchiika pamwamba pa zovala m'chikwama.

"Pamwamba penipeni?"

"Ndi wapolisi uti angayerekeze kufwanyafwanya nsalu imeneyi, mjomba?"

Che Sufiyani anayang'ana nsaluyo. Anapukusa mutu uku akuseka.

"Mwana wa Usumani uyu. Alongo, munabereka mavuto."

"Ndinabereka wondisungira amuna anga," anatero Abiti Mailosi. "Ukafika ukachipachike m'munsi, ana akaone agogo awo osakwera pampando."

Zuhura anamanga chikwama ndi chingwe, nachiika pafupi ndi chitseko. Kenaka ananjuta, mutu utapendekera kumanzere, kuona ngati kona ya chithunzi ikusuzumira.