Ulusi Wobiriwira M'kolala

Lolemba lililonse kwa zaka khumi ndi zinayi, galimoto ya mkazi wa loya inkaima pakhomo pa Achemwali n'kutsitsa mtolo wa zovala zoti zichapidwe. Lolemba limeneli galimoto inabwera ndithu, koma mtolo panalibe. Anatsika ndi mwini wake, buku lili m'manja.

Achemwali anali dobi, monga analili malemu amayi awo. Mumsewu monsemo ankawatcha Achemwali, ngakhale nkhalamba zowaposa zaka, chifukwa mlongo wawo wamng'ono ali mwana ankakuwa dzinalo kuyambira kumpopi mpaka kugolosale, ndipo linangokakamira. Mlongoyo tsopano anali munthu wamkulu, wolemba mabuku, wokhala kutsidya kwa njanji kumene nyumba zimabisala kuseri kwa mipanda.

"Mwaliwerenga buku la mlongo wanu?" anafunsa mkazi wa loya, ataima pabwalo pakati pa zingwe zoyanikira.

"Ndinangomva kuti latuluka, mayi. Nthawi yowerenga ndiipeza kuti?"

"Ndikuwerengereni pang'ono." Anatsegula pamene anapinda tsamba. "'Kutatsala tsiku limodzi kuti ndipite kusekondale, amayi anga anaba malaya oyera a bwana wa kubanki, nandiveka. Anali asanabepo chibadwire, koma tsiku limenelo anaba chifukwa cha ine.'" Anatseka bukulo. "Bwana wa kubanki ameneyu ndi malemu bambo anga. Amayi anu anatichapira zaka makumi awiri. Inenso ndakhala ndikukutumizirani zovala osawerenga ngakhale sokosi."

"Amayi sanabe kanthu."

"Walemba ndi mwana wawo, si ine ayi. Kulira ndalira nawo, nkhani yake ndi yogwira mtima. Koma zovala zanga ndapeza kwina."

Galimoto itachoka, Achemwali anabwerera patebulo lositira. Makala a m'simbi anali atazirala. Anawakupizira mpaka anayakanso, nasita buluku la aphunzitsi mopondereza kuposa mmene linkafunikira.

Pofika Lachitatu nyumba zina ziwiri zinali zitatumiza mawu akuti zizichapa zokha. Mkazi wa telala anabweretsa madiresi ake, koma anawawerenga mokweza limodzilimodzi, kenaka anaseka.

"Pasasowe kanthu, Achemwali. Paja kwanu kuno ana mumawaphunzitsa ndi zovala za eni."

Lachinayi Achemwali anavala diresi lawo la kutchalitchi n'kuwoloka njanji. Anawatsegulira geti ndi alamu awo, mkazi wa mlongo wawo mlembi uja, amene anayang'ana nsapato zawo kaye asanayang'ane nkhope. Anawalowetsa pabalaza podzaza mabuku mpaka kudenga, nawabweretsera tiyi m'kapu yapulasitiki. Achemwali anaidziwa kapu yotere. Anali atamweramo m'makhitchini a anthu ambiri, ndipo nthawi zonse imakhala payokha, kutali ndi makapu a eni nyumba.

Mlembi anatuluka m'chipinda akumanga mabatani a malaya.

"Achemwali, bwanji osayamba mwaimba foni?"

"Iwe unandiimbira foni usanalembe kuti amayi anali mbava?"

"Sindinalembe choncho. Ndalemba kuti anandikonda mpaka kuba. Anthu akulira nalo tsamba limenelo. M'nyuzipepala alemba kuti palibe amene anaonetsapo umphawi momveka chonchi."

"Akulira atakhala pasofa. Ine nyumba zitatu zandichokera, ndipo pampopi anthu akumabisa sopo ndikafika. Unawaona amayi akuba?"

"Ndinaona ulusi."

Achemwali anaika kapu pansi. Amayi awo anali ndi njira yawoyawo yosasokonezera zovala za anthu. Nyumba iliyonse inali ndi mtundu wake wa ulusi, ndipo pachovala chilichonse ankasokapo timfundo titatu pamalo obisika, m'kati mwa khosi kapena mumsoko. Kwa aphunzitsi ulusi wofiira, kwa telala wachikasu, kwa bwana wa kubanki wobiriwira. Achemwali anatengera njirayo, ndipo mkazi wa loya anatengera ulusi wobiriwira wa kwa bambo ake.

"Sabata yoyamba kusukulu ndikuchapa malaya aja," anapitiriza mlembi, "ndinapeza timfundo titatu tobiriwira m'kolala. Ndinakulira m'nyumba yomweyo, ndimadziwa ulusi wa khomo lililonse. Zaka zinayi ndinkayenda ndi mantha kuti tsiku lina munthu adzandivula pamaso pa anzanga."

"Bwanji sunafunse?"

"Mwana angafunse mayi ake kuti kodi munaba?"

"Kufunsa unaopa, koma kuwalemba m'buku atagona m'manda sunaope."

"Chabwino. Ngati sanabe, malaya a bwana wa kubanki anawapeza bwanji?"

Achemwali anayang'ana alamu awo amene anaima pakhomo la kukhitchini atapinda manja.

"Mwaona," anatero mlembi motsitsa mawu, ngati dokotala wouza munthu matenda ake. "Inu mumadziwa kuchapa, ine ndimadziwa kulemba. Loweruka masana tikukhazikitsa bukuli kusitolo ya mabuku. Mukhoza kubwera, koma musabwere ndi nkhope imeneyi."

Yankho la funso lija Achemwali anali nalo, ndipo analisenza njira yonse yobwerera kwawo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene amayi awo anawalola koyamba kusita malaya oyera. Khala la moto linatuluka pabowo la simbi n'kugwera pakolala, ndipo asanalichotse linali litasiya chipsera chachikulu ngati chala chamanthu. Amayi sanawamenye. Anapinda malayawo, napita nawo kwa bwana wa kubanki, Achemwali akuwatsatira m'mbuyo, nakanena kuti awotcha ndi iwo. Bwanayo anayang'ana chipseracho, nawaponyera malayawo kumaso pamaso pa khukhi ndi mlonda. Anati atenge chisanza chawocho akapukutire mphika.

Amayi anatola malayawo pansi. Atafika kunyumba anasomola kolala ndi lezala, naitembenuza kuti mbali yopsa ipite kunsi, naphimba chipseracho ndi kansalu koyera kosokedwa bwino kwambiri moti diso silikanaona msoko. Kenaka anati, "Mlongo wako usadzamuuze. Asapite kusukulu akudziwa kuti wavala chinthu choponyedwa." Achemwali anasunga mawuwo zaka makumi atatu, ndipo kunena zoona ankawasunga mosavuta, chifukwa ankabisanso kulakwa kwawo.

Malayawo analipobe. Mlembi anawasiya atamaliza sukulu, ndipo amayi anawaika pansi penipeni pa sutikesi yachitsulo. Lachisanu Achemwali anawatulutsa, nawachapa, nawasita, nawakulunga m'pepala loyera.

Loweruka, pakhomo la sitolo ya mabuku, mwini sitolo anawaimitsa ataona phukusilo.

"Nsalu za patebulo zabwera kale, mayi."

"Ndine mlongo wake wa wolemba bukuli."

"Oo, ndinu mtsikana wa m'buku uja? Wonyamula mitolo pamutu?" Anamwetulira ngati waona nyama imene ankangoimva m'nkhani. "Khalani kumbuyoko, kuli mpando."

Munali anthu pafupifupi makumi anayi, onunkhira mafuta okwera mtengo, aliyense ali ndi tambula ya juwisi. Achemwali anayang'ana makolala awo mwa chizolowezi. Ambiri anasitidwa mothamanga. Kutsogolo kunakhala alamu awo, ndipo pambali pawo panali mkazi wa loya.

Mlembi anawerenga tsamba lomwe lija. Analiwerenga bwino, akupuma pamalo oyenera, ndipo atafika pa mawu akuti anaba chifukwa cha ine, mayi wina anatulutsa mpango. Anthu anaomba m'manja. Itafika nthawi ya mafunso, bambo wina wa magalasi anaimirira n'kuyankhula nthawi yaitali za mmene mabuku a masiku ano akuperekera mawu kwa anthu apansi, ndipo anakhala pansi asanafunse funso lililonse.

Achemwali anaimirira. Sanadikire kuti awaloze. Anayenda pakati pa mipando mpaka patebulo pamene panaunjikidwa mabuku, nasuntha mulu umodzi, nayala malayawo.

"Achemwali," anatero mlembi chapansipansi, "tikambirana kunyumba."

"Kunyumba kwako ndinabwera, ndinamwa tiyi m'kapu ya antchito. Tikambirana pompano pamene wawanyozera." Anatembenukira kwa anthu. "Awa ndi malaya a m'bukumo. Ine ndine dobi, amayi anga analinso dobi. Onani apa." Anapinda khosi la malayawo, timfundo titatu tobiriwira n'kuonekera. "Ichi ndi chizindikiro cha nyumba ya eni ake. Wakuba amayamba wachotsa chimenechi, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Amayi anachisiya chifukwa analibe choti abise kwa eni malaya. Chimene anabisa ndi ichi, ndipo anabisira uyu."

Anatulutsa lezala m'kachikwama, nadula msoko wa kansalu ka kunsi kwa kolala. Kansaluko katachoka, chipsera chinaonekera, chakuda pakati, chofiirira m'mbali.

"Ndinawotcha ndine. Amayi anakanena kuti ndi iwo. Bwanayo anawaponyera malaya awa kumaso, akuti akapukutire mphika. Iwo anawatola pansi, anawasoka, anaveka mwana wawo kuti akaphunzire kulemba. Ndiye waphunzira."

Wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja, poganiza kuti zimenezi zinakonzedweratu, koma ataona nkhope ya mlembi analeka.

Mlembi anakhudza chipseracho ndi chala.

"Bwanji simunandiuze Lachinayi lija?"

"Amayi anandiletsa. Ndawalakwira lero chifukwa cha iwe. Cholembera uli nacho, fafaniza."

"Buku silikonzedwa choncho, Achemwali. Likadzasindikizidwanso ndidzaona chochita."

"Likadzasindikizidwanso ine ndidzakhala nditafa ndi dzina la mwana wa mbava. Anthu awa abwera kuti uwasainire mabuku. Lililonse utsegule patsamba limenelo, ufafanize mawu amenewo, ulembe kuti sanabe. Ndiima pompano."

Mkazi wa mlembi anadzuka pampando. "Alamu, mukutichititsa manyazi."

"Khalani pansi, alamu. Amayi amenewa simunawasambitsepo ngakhale tsiku limodzi akudwala."

Bambo wa magalasi uja ndi amene anayamba. Anabwera ndi buku lake atalitsegula kale patsambalo, nalisiya patsogolo pa mlembi. Mlembi anayang'ana mwini sitolo, koma mwini sitolo ankayang'ana mzere umene unayamba kupangika, ndipo nkhope yake inkaoneka kuti ikukondwa. Mlembi anatsegula cholembera. Anakoka mzere mopondereza mpaka pepala linang'ambika pang'ono, nalemba m'mphepete mwake ndi zilembo zazing'ono.

"Kulitsa," anatero Achemwali. "Kusukulu anakuphunzitsa kulemba ngati nyerere?"

Anakulitsa. Atafika pa buku lachisanu anayankhula osadzutsa mutu.

"Mwandiwonongera tsamba labwino kuposa onse m'buku lonseli."

"Ulembe lina. Mayi wina ndiye sitingamupeze."

Mkazi wa loya anabwera pomalizira. Buku lake sanalipereke kwa mlembi. Anaima moyang'anizana ndi Achemwali.

"Bambo anga sanali munthu woponyera anthu zinthu kumaso."

"Inu munali m'nyumba, mayi. Ife tinali kukhomo la kuseri." Achemwali anapinda malayawo katatu monga amapindira zovala zokapereka. "Ulusi ndi wanu. Ngati mukuti anabedwa, tengani, abwerera kwawo."

Mkazi wa loya anayang'ana chipseracho, koma manja sanatambasule.

"Lolemba musayembekezere galimoto."

"Sindiyembekezera. Koma buku lanulo lisatuluke muno lisanakonzedwe."

Mayiyo anaima pang'ono, kenaka analiponya patebulo, ndipo linagwera pafupi ndi dzanja la mlembi. Mlembi anafafaniza, nalemba, nalikankhira kwa mwini wake.

Anthu atatha, patebulo panatsala mabuku osagulidwa. Achemwali anayamba kuwatsegula limodzilimodzi patsamba lija n'kumawaika patsogolo pa mlongo wawo, monga amaperekera zovala kwa wosita. Alamu anali atapita kale kukakhala m'galimoto. Mlembi anagwedeza dzanja limene linayamba kuwawa.

"Nanga amene ali m'masitolo ena nditani nawo? Ali m'masitolo asanu ndi awiri."

Achemwali anatsegula buku lina, nalisalaza ndi chikhatho kuti tsamba ligone bwino.

"Galimoto uli nayo," anatero. "Lemba."