Magalasi Ofooka a Chiyamiko

Ndimagulitsa magalasi a maso mumsika wa Ndirande, pakati pa wogulitsa malamba ndi Wahabu wokonza mawotchi. Magalasi anga ndi a kaunjika, anavalidwapo kale ndi anthu akunja amene sindidzawadziwa. Makina oyezera maso ndilibe. Munthu akabwera n'kunena kuti sakuona patali, ndimamuveka amodzi n'kumulozera minibasi yoima patsidya pa msewu kuti awerenge nambala yake. Akaiwerenga yonse, ndimamuvula n'kumupatsa ena ocheperako mphamvu.

"Amphamvu amachititsa maso ulesi," ndinkawauza choncho makasitomala. "Muzisiyako kantchito koti maso azigwira okha."

Aliyense mumsika amazidziwa zimenezi. Ine ndinazimva kwa mkulu amene anandiphunzitsa geniyi, iyeyo kaya anazitola kuti.

Mwana wanga Chiyamiko ali Sitandade 5, aphunzitsi anatumiza kalata yoti sakuona zolembedwa pa bolodi. Mkazi wanga Constance sanandifunse n'komwe. Anapita naye kuchipatala cha maso, ndipo anabwerako ndi magalasi komanso kapepala kolembedwa mphamvu yake, mainasi 3. Nditawayesa, pansi panaoneka ngati pathawira kutali. Kamwana ka zaka khumi kavale zimenezi? Ndinatsegula katoni yanga n'kusankha a mainasi 2, a felemu yofiirira yokongola.

"Bambo a Chiyamiko, mwanayu si kasitomala wanu," anatero Constance.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndili pa ntchito imeneyi. Mukufuna adzafike pa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo?"

Magalasi a kuchipatala aja ndinakawaika pa thebulo langa, ndipo pofika Lachisanu anali atapita ndi kondakitala wina.

Sindinamutayirire mwanayo, ayi. Teremu iliyonse ikamayamba ndinkamuimika pakhonde la nyumba n'kumuuza kuti awerenge mawu olembedwa pa golosale ya patsidya pa ngalande. Ankawerenga bwinobwino, mpaka mawu ang'onoang'ono a pansi onena za makala ndi mazira. Ine ndinkayang'ana mayi ake monyadira. Kawiri konse ndinamuonjezera mphamvu pang'ono, koma nthawi zonse ndinkasiyako kantchito ka maso kaja.

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zitatuluka, dzina lake silinali pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale. Anakhoza, koma mokwawa. Uyu ndi mwana amene ankatha kubwereza ulaliki wonse wa Lamulungu, ndi chifuwa cha abusa chomwe. Constance sanalire, sanakalipe. Anangoti Lolemba tipita tonse kuchipatala, ndipo thebulo andiyang'anire Wahabu.

Adokotala anali mtsikana woti ndikanatha kumubereka. Anamukhazika Chiyamiko pampando, magalasi anga ali kumaso, n'kumuuza kuti awerenge zilembo za pakhoma. Anawerenga mzere woyamba, wa chilembo chimodzi chachikulu. Wachiwiri anaphonya. Pa wachitatu anangoti, "Sindikuona."

"Iwe, suja umawerenga za pagolosale?" ndinamufunsa.

"Ndinaloweza, adadi. Ndimadutsapo tsiku lililonse."

Adokotala anamuvula magalasiwo n'kuwaika pa kamakina. Anayang'ana kapepala kakale kamene Constance anasunga mu Baibulo, anayang'ananso kamakinako.

"Awa anamupatsa ndani?"

"Oyamba aja ndinataya," Chiyamiko anafulumira kuyankha.

"Ndine," ndinatero. "Ndimagulitsa magalasi."

Ndinayembekezera kuti andilalatira, ndipo mwina zikanandithandiza. Koma anangofotokoza modekha ngati akuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala. Anati maso a Chiyamiko afika pa mainasi 6. Mwana wa vuto limeneli, diso lake limatalika mopitirira muyeso pamene akukula. Kumupatsa magalasi ofooka sikuchedwetsa kutalikako. Ofufuza anayesa kale zimenezi pa ana, ndipo ena sanapeze phindu lililonse, ena anapeza kuti vutolo linakula msanga.

"Ndiye angabwerere pa 3 paja?" anafunsa Constance.

"Ayi, mayi. Diso likatalika silifupikanso."

"Ndiye kuti ndine ndachititsa?" Mawuwo anatuluka m'kamwa mwanga, koma ndinawamva ngati wafunsa ndi munthu wina wa pamzere panja.

"Sindingakunamizeni kuti ndikudziwa gawo lanu ndi lalikulu bwanji, bambo. Vutoli likanakulabe ndithu, mwina osafika apa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mwanayu wakhala zaka zitatu m'kalasi osaona bolodi."

Mkati mwanga sindinamve chilichonse. Ndimanena izi mopanda kunyada. Ndinafufuza mumtima kuti mwina muli manyazi kapena mkwiyo, koma munali zii. Ndinaona kuti fani ya kudenga ikuzungulira mopendekeka. Ndinaona kuti felemu ya adokotalawo ndi yabwino, ya mtundu umene suchedwa pa thebulo. Constance ankasaina pepala, Chiyamiko ankasewera ndi chingwe cha chikwama, ine ndinangoima nditagwira chipewa.

Sabata yonseyo ndinkapita kumsika monga mwa nthawi zonse. Ndinkayala magalasi, kuwapukuta, madzulo n'kulongedza. Wahabu anandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta. Ndinati ayi. Mayi wina anabwera ndi kamtsikana kosaona patali, ndipo ndinamuuza kuti saizi yake yatha. Anayang'ana thebulo lodzaza lija, anandiyang'ana ine, n'kumapita.

Magalasi atsopano tinakatenga Lachiwiri linalo, ine ndi Chiyamiko. Anali okhuthala m'mbali, ndipo maso ake ankaoneka aang'ono. Titatsika minibasi, ankayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana mawaya a magetsi, nkhope za anthu, miyala ya paphiri. Sanasekerere. Tinali titagwirizana kale kuti abwereza Sitandade 8, pamene anzake akugula masutikesi opita nawo ku sekondale.

Tili pafupi ndi nyumba anaima.

"Adadi."

"Ee."

"Mukanandisiyira oyamba aja, ndikanasankhidwa?"

Ankandiyang'ana m'maso mwenimweni, osatsinzinira ngati kale. Ndinafuna kunena kuti malo ku sekondale ndi ochepa, kuti ngakhale ana anzeru amatsala, kuti ndinkafuna kumuteteza. Zonsezo zinali zoona.

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Ine ndikudziwa," anatero, mosakweza mawu.

Analowa m'nyumba. Ine ndinakhala pa njerwa panja, chipewa chili m'manja. Ndinamva akufunsa mayi ake kumene anaika yunifolomu ya ku pulayimale ija, kuti aifutukule mpendero chifukwa yamufupikira.