Pano Palibe Wantchito

Makasitomala onse ankamutcha Manijala, ngakhale panalibe munthu amene anamulembapo ntchito chibadwire. Chimalizireni digiri yake, mtsikanayu ankangokhalira m'shopu ya bambo ake, pakati pa zitini za penti, matumba a simenti ndi makatoni a misomali. Ndiye ankatsegula m'mawa, ndiye ankalimbana ndi madalaivala a malole, ndiyenso ankadziwa kasitomala woti akangotulukira umubisire mpando kuti asakhalitse. Bambo akewo yawo inali kukhala pakhomo miyendo ili tambalale, n'kumakalipira aliyense woimika njinga pakhonde.

Sukulu ya zamalonda imene ankaisirira inali ndi lamulo lomuwawa: wofuna malo akhale woti anagwirapo ntchito yolembedwa, ya tsiku lonse. Komabe anamuitana ku intaviyu, n'kumuuza kuti mwini shopu akangovomereza kuti iyeyo ndiye amayendetsa zinthu, amuganizira. Basi, tsogolo lake lonse linatsamira pakamwa pa bambo ake. Anawauza m'mawa akunyamuka, iwo n'kuyankha kuti "eya, eya," maso ali pa njinga ina.

M'chipinda cha intaviyu munali tebulo lalitali ndi anthu awiri, mayi wa magalasi ndi bambo wa tayi yofiira. Mafunso anawayankha mosadodoma, mpaka wa tayi uja anayamba kugwedeza mutu ngati akumva nyimbo yakumtima kwake.

"Tingawaimbire eni shopu pompano?" anafunsa mayi wa magalasi.

"Aimbireni," anatero Manijala, akumwetulira.

Mayiyo anaika foni patebulo kuti onse amve. Itayankhidwa, munamveka lole ikulira ndi anthu akukuwa. Mayiyo anadzitchula, natchula sukulu, kenako anafunsa ngati mtsikanayo amagwira ntchito kumeneko.

"Pano palibe wantchito, mayi," anatero bambo ake, mawu ali gwa. "Ameneyo ndi mwana wanga chabe. Amangobwera kudzakhala, kusewera ndi foni. Ngakhale kusiyanitsa msomali ndi waya sadziwa."

Manijala anangoti kukamwa yasa. Anayesa kufotokoza koma mawu ankangotuluka oduka mitu. Wa tayi anavindikira cholembera chake pang'onopang'ono, osamuyang'ananso. Mayi wa magalasi anati, "Tikudziwitsani," ndi ulemu uja umene umapweteka kuposa chipongwe.

M'basi ndi mmene nzeru zinabwerera. Aa, ndi chizolowezi chawo chija! Bambo ake akangomva mawu a muofesi akufunsa za antchito, ankakana osaganiza n'komwe, poopa oyendera za ntchito amene angawafunse mapepala. Ngakhale ana m'nyumba anakula akudziwa yankho lake: pano palibe wantchito, tonse ndife a pakhomo. Ndi phokoso la lole lija, sanamve kuti akuyankhula ndi ndani. Mkwiyo unayamba kusungunuka, mpaka anawamvera chisoni. Akakawauza akachita manyazi, akaimbanso foni, n'kukonza zonse dzuwa lisanalowe.

Atafika anapeza m'shopu muli chipwirikiti. Bambo ake anali kuseri kwa kauntala, malo amene anali asanaimepo kwa nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Penti yoyera inali itatayika pansi ndipo anthu anali ataiponda mpaka kukhonde. Mmisiri wina ankabweza maloko olakwika, dalaivala akuimba hutala panja, ndipo kasitomala wokhalitsa uja anali ataupeza mpando.

"Wabwera! Tenga makiyi, katsegule kosungira simenti," anatero bambo ake, akumuponyera mpukutu wa makiyi.

Anawawakha. "Bambo, foni ija sanali oyendera za ntchito. Anali a kusukulu."

"Ndinawamva."

"Mwati?"

"Ndati ndinawamva. Mayi uja anadzitchula bwinobwino, ndine gonthi ine?" Anapukuta manja pa thalauza, maso ali pa maloko. "Tangoona muno. Wachokapo theka la tsiku, zinthu zafika apa. Nanga ukapita zaka? Ukufuna ndifere pakauntala pano?"

Manijala anawayang'ana ngati munthu amene akumuona koyamba. Kudabwa kwa m'chipinda muja kunali kochepa. Uku ndiye kunaposa. Munthu amene ankadziwa bwino kuposa aliyense kuti shopu imayenda ndi iye, ndi yemweyo anamukana, ndipo anamukana chifukwa chodziwa komweko.

"Ndiye mwandiphera dala, bambo?"

"Sukulu siithawa. Katsegule, lole ikudikira."

Mmisiri wa maloko anali atatopa. Anagogoda pakauntala. "A Manijala, tandithandizani inuyo, mdalayu andichedwetsa."

Mtsikanayo anayang'ana makiyi ali m'manja mwake. Anawaika pakauntala mosachita phokoso, pambali pa dzanja la bambo ake.

"Pepani, achimwene," anatero. "Pano palibe wantchito. Ine ndimangobwera kudzakhala."

Anadutsa pa penti yotayika ija, n'kukakhala pampando wa bambo ake pakhomo. Anatulutsa foni. Panja dalaivala anaimbanso hutala.