Mkono wa a Sitima

"Kodi pakhomo ndi m'kati kapena ndi panja?"

Anafunsa ndi a Sitima, telala wa pakona, ataima pakhomo pa shopu yawo. Akazi awo, amene msewu wonse unkangowatchula kuti Amayi, anapitiriza kusita siketi ya yunifolomu. Kasitomala wodikira buluku lake anangoti maso pa nsapato.

Dzina la Sitima linabwera kalekale, chifukwa munthu akamachokera kumtunda ankayamba waona utsi, mwini wake pambuyo. Koma tsopano kunatuluka lamulo loletsa kusuta m'malo ofikamo anthu: m'mabasi, m'maofesi, m'mashopu momwe. A Sitima sanali munthu wolimbana ndi boma. Chikwangwani chakuti OSASUTA MUNO anachisoka okha, zilembo zofiira pansalu yoyera, mpendero wowongoka bwino. Kenako anapeza njira yawo. Thupi linkatsala m'kati, koma mkono wogwira ndudu ankautulutsa kunja ngati akuimitsa minibasi. Akakoka, ankasuzumira kumsewu n'kuuzira komweko. Mphepo, poti sinapite kusukulu, inkaubweza utsiwo n'kuutula pa tebulo lositira.

Amayi sanalawepo fodya chibadwire, koma akayamba kutsokomola m'mawa, galu wa aneba ankayankha. Zaka zonsezi mlandu unkagwera fumbi la nsalu, nthunzi ya simbi, kapena nyengo yozizira. Iwo analibe nazo ntchito. Mtima wawo unali pa mdzukulu. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, tchuthi chake cha uchembere chinali kutha, ndipo Lolemba khanda linkafunika wolilera masana. Amayi anali atasesa kale kuseri kwa katani, n'kusuntha mipukutu ya nsalu kuti pakwane kabedi. Anali atauzanso azimayi onse a mumsewumo, ngakhale amene sanafunse.

Loweruka masana mphunzitsi uja anafika, khanda lili kumsana, koma sanalowe. Anaima panja, pafupi ndi mkono wa bambo ake, mpaka mkonowo unachita manyazi n'kuponya nduduyo m'ngalande.

Ananena mwaulemu, ngati mmene amalankhulira ndi makolo a ana olephera mayeso. Sabata yathayo mwanayo anabanika, kachifuwa kakulira ngati wenzulo, ndipo kuchipatala anesi anafunsa ngati pali wosuta kumene khandalo limakhala. Anati utsi wa wina umavulaza ngakhale amene sanagule ndudu, makamaka mwana, poti mapapo ake ndi anthete: chibayo, mphumu, kuwawa m'khutu. Anatinso utsi sutha ndudu ikazima. Umakhalira m'makatani, m'zovala, m'tsitsi.

A Sitima anamvetsera mutu uli chopendekera, ngati akuyeza kolala. Kenako analoza chikwangwani chawo. Analoza fani yatsopano imene anagula dala. Anakumbutsa onse kuti mphunzitsiyo anakulira pansi pa makina omwewa, akuseweretsa zibenthu za nsalu, ndipo lero si uyu ali ndi digiri?

"Digiri ndi chifuwa chomwe, Ababa," anatero mwana wawo. "Mwaiwala kuti kusukulu ankanditchula kuti Kajomba?"

"Unali ulesi umene uja."

"Ulesi wogonera m'chipatala?"

Kasitomala uja anaseka, kenako anakumbukira kuti buluku lake likadali m'manja mwa telala, ndiye kusekako anakusandutsa chifuwa.

Pofuna kutseka mlandu, a Sitima anatsegula kabati n'kutulutsa kamalaya kamene anasokera mdzukulu wawo, kabuluu, mabatani ang'onoang'ono ngati maso a nsomba. Ntchito inali yosiririka, palibe akanatsutsa. Mphunzitsi anathokoza ndi manja awiri, anakayandikiza kumphuno, n'kukapereka kwa mayi ake.

Amayi ananunkhiza. Sanamve chilichonse, ndipo anatsala pang'ono kumudzudzula mwana wawoyo kuti sukulu yamuwonjezera matama. M'malo mwake anatuluka panja kuti amulandire mdzukulu. Anamufungatira, mphuno yawo ili pakaliwombo. Kamutuko kankanunkhira sopo ndi mkaka. Atapuma kachiwiri, m'pamene fungo lina linawapeza, lowawasa, lachikale, ngati la m'chipinda chodikirira basi. Anayang'ana uku ndi uku kufuna mwini wake. Linkachokera pa bulauzi yawo yomwe.

Khanda linakwinya nkhope n'kuyetsemula.

"Mwamva? Akupereka moni kwa agogo," anatero a Sitima.

Mphunzitsi anamutenganso mwana wake. Ananena, maso ali pansi, kuti apongozi ake adzipereka kale kumulera, nyumba yawo ilibe wosuta, ndipo mwina ndi bwino Lolemba angoyambira kumeneko.

Amayi anawaona asewere awowo m'maganizo, ndi magalasi awo ndi mawu awo a kwaya, akumuphunzitsa mdzukulu kunena kuti agogo, kenako akubwera kushopu kudzafotokoza kuti dzino loyamba lamera. Anamva kutentha kumaso kuposa kwa simbi.

A Sitima nawo anaona kuti zinthu zafika pena. Anati achepetsa. Anati azikasutira kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo, azisamba m'manja, mwinanso azivala jekete yapadera yosutira, imene angaisoke mawa lomwe. Fodya, anatero, ali ngati msoko wa makina: ukausolola mwaukali nsalu imang'ambika, umafunika kuumasula pang'onopang'ono. Amayi mawu amenewa ankawadziwa bwino. Anawamva koyamba ali ndi pakati pa mphunzitsi yemweyu.

Polankhulapo, dzanja la a Sitima linali litalowa kale m'thumba la malaya, lokha, osatumidwa. Onse analiona. Mwini wake analiona pomaliza, ndipo anatulutsa tepi yoyezera n'kuyamba kuyeza mpweya.

Amayi analowanso m'shopu. Anamaliza mapindo a siketi ija limodzilimodzi, anaipachika pa hang'ala, n'kuzimitsa simbi pakhoma. Anatenga kabedi kuseri kwa katani, anakayang'ana pang'ono, n'kukabwezera pomwepo. Kenako anatenga chikwama chawo.

"Kuyambira Lolemba ndizikamulerera kunyumba kwa mayi ake konko," anatero. "Bambo, mupeze wosita."