Kapu ya Madzi a pa Mjigo

Ndinalota ndikutsegula kabati yosungiramo miyala mu labu yathu ya ku yunivesite, koma m'malo mwa miyala munali mudzi wathunthu, nkhuku ndi mjigo womwe. Ndinavula nsapato n'kulowa.

Mudziwo ndinauzindikira. N'komwe Mwandida, wophunzira wanga wa chaka chomaliza, anatunga madzi a kafukufuku wake, napeza kuti mjigowo uli ndi poizoni wochokera ku mgodi. Koma ine, mayi wa madigiri atatu, ndinali nditasindikiza kale kuti madzi a dera limenelo ndi abwino. Nanga ndikanalola kutsutsidwa ndi mwana? Ndinakhwatcha manambala ake ndi cholembera chofiira, n'kulemba kuti sanatsuke mabotolo otungira madziwo. Analephera mayeso.

Mabotolowo anali atakhala pamphasa, atapinda miyendo. Lalikulu linati, "Madamu, ife tinatsukidwa katatu. Timati mungodziwa."

"Ndamva, bambo," ndinayankha.

Mwandida ankapopa mjigo, mzere wa ndowa utafika kuphiri. Anadzaza kapu, nabwera kudzandigwadira monga tichitira ndi mlendo.

"Mwayenda ulendo wautali, Madamu. Imwani."

Mudzi wonse unaleka zomwe unkachita. Mayi wina wobereka khanda anati, "Aphunzitsi akamwa, nafenso timwetsa ana. Timadikira iwowo."

Abale inu, manyazi ake! Mlendo akakana madzi amanena chifukwa, ndipo chifukwacho ndinali nacho pakhosi pompa ngati munga wa nsomba. Ndinati ndili ndi chimfine. Ndinati ndikusala kudya. Bodza lililonse linkatuluka m'kamwa lili kamwala, n'kugwera m'kapu kuti chubwi, madzi n'kumakwera.

"Mawondo akundipweteka, Madamu," anatero Mwandida mwaulemu.

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinene zoona: ndinasankha kumwa poizoni kusiyana n'kunena pagulu kuti mwanayu analondola. Ndinagugudiza yonse, timiyala ndi tomwe. Anthu anawomba m'manja. Amayi anayamba kumasula ana kumbuyo, aliyense akutunga ndi kapu yake mu ndowa, ine ndili chiimire, ndikupukuta pakamwa.

"Musawamwetse!"

Mawuwo anatuluka nditadzuka kale, mu ofesi yanga, masana, tsaya lili pa desiki. Kumudzi kuja sanandimve.