Apongozi a pa TV

Mainess sanali munthu woipa. Ndayamba ndi zimenezo dala, chifukwa mukamva zomwe anachita mumutukwana. Anali chabe mkazi wotopa, wosoka zovala pakhomo pake ku Silverest, kufupi ndi Lusaka, m'nyumba yomwe iye ndi mwamuna wake Bornwell anamanga movutikira, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Atangomaliza kuika matailosi, Bornwell anapita ku Bundabunda kukatenga amayi ake, a Clotilda. Bambo ake anali atamwalira, mawondo a mayiwo anali atatupa, ndipo kumudziko mjigo uli kutali, kuseri kwa chitunda. Munthu sangatunge madzi ndi mawondo otero, choncho anabwera kudzakhaliratu.

Koma abale inu, a Clotilda! Mbale zotsukidwa kale ankazitsukanso. Pakati pa maluwa a Mainess anadzalapo chibwabwa. Mainess akavala thalauzi, iwo ankangomuyang'ana n'kupumira m'mwamba, osanena kanthu, zomwe zimawawa kuposa kukalipiridwa. Ndiye panali funso lawo losatha lija: "Amake Peace, mwana uyu akula yekha. Mng'ono wake abwela liti?" Sankadziwa kuti mpongozi wawoyo anapitapo padera, ndipo palibe anawauza.

Chinthu chimodzi chokha chinkawakhazika pampando umodzi: masewero a pa TV osatha aja, obwera tsiku ndi tsiku masana. Anaonera limodzi la ku Mexico, la ku Philippines, ndi la ku India lomwe munthu akadabwa amadabwa mpaka ndiwo kupserera. Bornwell ankawaseka. Ankati zimenezi zinayambira ku America kalekale pa wailesi, makampani a sopo ndiwo ankalipira, kuti azimayi akamachapa azimvetsera, azilira, kenako akagule sopoyo. A Clotilda anangomuyankha kuti, "Nanga analakwa chani? Sopo ni wabwino."

Nthawi imene ndikunenayi linali la ku Turkey, la anthu omwa tiyi m'timatambula ting'onoting'ono, olankhula Chizungu chosagwirizana ndi milomo yawo. A Clotilda Chizungu sankachidziwa ngakhale pang'ono. Ntchito ya Mainess inali kumasulira. Wa pa TV akangotseka pakamwa, chigongono chinkamugunda m'nthiti.

"Akamba chani?"

Ndipo Mainess ankamasulira bwino, mpaka kusintha mawu ngati eni akewo.

Zinasokonekera tsiku lomwe azimayi a mphakati wa ku tchalitchi anabwera kudzacheza. A Clotilda anafunsa funso lawo lija pamaso pa alendo, akuseka, ndipo alendo nawo anaseka. Mainess anakatsekera kubafa n'kulira. Masana ake sewero litayamba, mtsikana wokwatiwa wa pa TV nayenso anali kulira. Mwamuna wake anali atamangidwa, ndipo ankauza mnzake kuti pakanapanda apongozi ake, mayi wachikulire wa mpango kumutu, bwenzi atapenga.

"Akamba chani?"

"Akuti apongozi ake amuvuta," anatero Mainess, maso ali pa TV. "Akuti atsukanso mbale zamene iye watsuka kale, monga kuti iye ni wauve."

M'mawa mwake a Clotilda mbale sanazikhudze.

Apa ndi pomwe Mainess akanasiyira. Koma chinthu chikagwira ntchito chimakoma, ndipo iye chinamukomera. Mlungu wotsatira mtsikana wa ku Turkey anadandaula za apongozi odzala masamba pakati pa maluwa, ndipo a Clotilda anazula okha chibwabwa chawo chitayamba kale kuyanga. Kenako anadandaula za apongozi ofunsa za mimba ngati kuti ana amagulidwa pa msika. Funso lija linafera pomwepo.

Tsiku lina mtsikanayo anagwada, n'kupsompsona dzanja la mayi wa mpango uja, kumupempha kuti asachoke pakhomopo. Mainess, mutu ukumupweteka, diresi la kasitomala atalidula molakwika, anati, "Akuti munthu wamkulu afunika kudziwa nthawi yobwelela kwao."

"Nanga awapsompsona dzanja bwanji?" anafunsa a Clotilda.

"Ni mwambo wao chabe, amayi. Aopa mwamuna wake."

Mawuwo atangotuluka, Mainess anadziwa kuti wapyola malire. Koma sanawabweze mawuwo, sewero n'kutha, iye n'kubwerera ku makina ake.

Kuyambira pamenepo a Clotilda anachepa m'nyumbamo. Ankakhala pa nsonga ya mpando ngati mlendo wodikira basi. Ankapempha chilolezo chotsegula firiji. Pa chakudya ankatenga pang'ono n'kunena kuti akhuta. Nyumba inakhala ya Mainess monga ankafunira, yaukhondo, yabata, ndipo chakudya chinasiya kumutsikira. Ankati akawaona akuyenda chogwira khoma kuti asapange phokoso, manyazi ankamuotcha nkhope. Ankadzida, ndithu ankadzida.

Anayesa kukonza. Anayamba kumasulira zoona zokhazokha, mokweza, motsindika.

"Amayi, mwamva? Akuti awakonda apongozi ake kupambana amayi ake omubala!"

A Clotilda anapukusa mutu. "Anama uyo. Aopa mwamuna wake."

Mwaona? Bodza anawaphunzitsa yekha, ndipo iwo analiphunzira bwino. Kuuza Bornwell kunali kotheka, koma akanayambira pati? Kuti ndakhala ndikunamiza amayi ako ndi pakamwa pa anthu a ku Turkey? Tsiku lililonse ankati ndimuuza mawa.

A Clotilda anauza mwana wawo kuti akufuna kukaona munda mvula isanagwe. Bornwell anakana, nati mundawo akulima a msuweni, iwo akhale phee. Sanatsutse. Koma m'mawa wina, Bornwell atapita ku ntchito ku Lusaka, Peace ali kusukulu, Mainess anatuluka m'chipinda chosokera n'kupeza bedi la apongozi loyalidwa bwino, pansi pake palibe chikwama. Anathamanga osavala nsapato. Anawapeza atatsala pang'ono kufika kumsewu waukulu, chikwama chili pamutu, akukoka mwendo m'fumbi.

"Amayi! Muyenda kuti?"

"Kwathu, mwanawanga."

Mainess anawalanda chikwamacho, ndipo pomwepo, pamaso pa azimayi ogulitsa tomato, anagwada. Ananena zonse. Anati mtsikana uja sananenepo za mbale, kapena za maluwa, kapena za mimba. Anati mayi wa mpango uja ndi munthu wabwino, wokondedwa ndi nyumba yonse. Anati mawu onse aja anali ake, iye Mainess, chifukwa anali wokwiya komanso wamantha kulankhula yekha.

"Nenze kunama, amayi. Nikhululukileni. Tiyeni kunyumba, napapata."

A Clotilda anamwetulira, namugwira tsaya.

"Amake Peace, muli na mtima wabwino. Mufuna kunitonthoza."

"Iyayi, amayi, nikamba zoona!"

"Imililani, anthu aona. Anthu a kutali kuja, sanidziwa ine, sanafikepo ku Bundabunda, koma akamba zonse zamene nichita, chimodzi chimodzi. Mbale, munda, kufunsa za mwana. Ngati na kumaiko kwamene aja alila nazo, ndiye kuti ise apongozi tili tele dziko lonse. Ine sininadziwe. Inu munapilila, simunanikalipilepo ngakhale tsiku limodzi. Nikhululukileni ndinu."

Ha! Mainess akanakonda kumenyedwa mbama. Analumbira, anatchula Mulungu, anati tiyeni tikafunse aliyense wodziwa Chizungu, ngakhale mayi wa tomato uyu. Koma ankati akalimbikira, a Clotilda n'kumamumvera chifundo kwambiri, ngati munthu amene akunama chifukwa cha chikondi.

Minibasi yolowera njira ya ku Bundabunda inaima, kondakitala akukuwa, "Chongwe! Chongwe!" Kondakitalayo anatenga chikwama m'manja mwa Mainess iye asanaganize zochikaniza, n'kuchiponya kumbuyo. A Clotilda anayesa kukweza mwendo pa chitsulo cha pakhomo, bondo linakana. Anayesanso, linakananso. Anagwira mpando ndi manja onse awiri n'kukwera chokwawa, kondakitala akuwakankha kumsana ndi kuwauza kuti achite changu.

Atakhala pansi, anatsegula windo n'kutulutsa mutu, akupuma movutikira.

"Mukamuuze Bornwell kuti nasankha nekha," anatero. "Asakukalipileni. Inu mulibe mlandu."

Minibasi inanyamuka. Mainess anatsala m'mbali mwa msewu, mawondo ali fumbi lokhalokha, azimayi a tomato akuuzana kuti masiku ano apongozi ndi mpongozi okondana chonchi ndi osowa.