Mtengo Woyambira

Milungu isanu inatha osagulitsa ngakhale kasingano kamodzi. Milungu isanu yathunthu, foni ili duu ngati yafa. Ine ntchito yanga ndi yogula makina osokera akale, aja opukusa ndi dzanja, kuwakonza, kenako kuwagulitsa pa okushoni ya pa intaneti. Umajambula katundu wako, n'kuika mtengo woyambira, ndipo kwa masiku asanu ndi awiri anthu amapikisana kukweza mtengowo. Nthawi ikatha, amene waika mtengo wapamwamba ndiye watenga. Zikamayenda n'zokoma. Zikaima umangoona nambala ya ongoonerera ikukwera, makumi awiri, makumi atatu, onsewo manja ali m'thumba.

Ndinkagwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya achimwene anga aakulu, amene amagulitsa misomali, penti ndi maloko. Kachipindako anandipatsa ulere banja langa litatha, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo sanatopepo kundikumbutsa. Munali tebulo limodzi, mashelefu atatu, zenera loyang'ana kukhoma la eni ake, ndi nsalu yoyera imene ndinkapachika kumbuyo kwa makina pojambula. Munkanunkha mafuta a makina ndi palafini. Ndinkakakonda kachipindako, ndisaname. Kwanga ndi chipinda chimodzi chapamwamba, masitepe makumi anayi, kumene bedi ndi mbaula zimagundana.

Tsiku lina achimwene anasuzumira pakhomo, pensulo ili kukhutu.

"Iwe, zitsulo zakozi zikuswana kapena? Mwezi watha zinali zisanu ndi ziwiri, lero ndikuona zisanu ndi zinayi."

"Malonda azizira, achimwene. Adzatenthanso."

"Ine zitini za penti zikugona pakhonde. Mwezi uno ukatha osagulitsa kanthu kooneka, chipindachi ndichitenga. Iwe ubwere kukauntala, uzilandira malipiro ngati munthu."

Ngati munthu! Ndiye kuti zaka zonsezi ndinali chiyani, mbuzi? Koma chipinda chinali chawodi.

Loweruka masana ndinatsitsa pashelefu makina anga apamtima. Anali akuda bii, okhala ndi timaluwa tagolide m'mbali. Ndinawapeza ali dzimbiri lokhalokha pabwalo la ogula zitsulo zakutha, ndipo ananditengera miyezi iwiri, kumasula kabawuti kalikonse, kuviika, kupukuta, mpaka anayamba kusoka mwakachetechete moti khanda likhoza kugona pambali pake. Nyengo yabwino makina otero amafika 900. Ine ndinaika mtengo woyambira wa 200. Ndi mmene timachitira: umatsitsa dala kuti anthu akopeke, ndipo awiri akangoyamba kulimbana nzeru zimawathawa. Vuto lake n'lakuti akabwera mmodzi yekha, katundu amapita pa 200 pomwepo, iwe n'kutsala kukamwa yasa.

Anabweradi mmodzi. Anali telala wina wachikulire wakutali, amene ndinam'patsa dzina lakuti Bambo Mafunso. Asanaike 200 yawoyo ananditumizira mauthenga khumi ndi umodzi. Kodi amasoka nsalu yokhuthala? Tembenuzani nsaluyo ndione msoko wa kunsi. Chogwirira sichikugwedera? Jambulani kanema ndimve kulira kwake. Anandiuza kuti asoka zaka makumi anayi, ndipo makina awo akale anathyoka mwezi wapitawo. Ankanditopetsa, komabe ndinkamva kukoma, chifukwa mafunso awo anali a munthu wodziwa chimene akugula.

Lachiwiri, Lachitatu, mtengo uli 200 pomwepo. Ongoonerera anafika makumi anayi. Ndinkawatukwana chamumtima mmodzimmodzi.

Lachinayi achimwene anabweranso, ulendo uno akumwetulira. Achimwene akamwetulira ine ndimayamba ndaona kumene kuli chikwama changa.

"Alamu ako akuti pali wogula mmodzi yekha. Bwanji ine ndilowe nawo? Ndiika 300, mkuluyo aika 400, ndiika 500, choncho. Akafika pabwino ine ndileka."

"Kumeneko n'kuba, achimwene."

"Kuba kwake kuti? Alipo amugwire dzanja?"

"Mkuluyo aziyesa akulimbana ndi wogula mnzake, pamene akulimbana ndi munthu wosadziwa n'kulowetsa ulusi komwe. Ogula 340 andipatsa nyenyezi zisanu zondiyamikira pamsika uja. Palibe ndi mmodzi yemwe ananditchulapo wakuba."

"Nyenyezizo umadya?"

"Ndakana, achimwene. Musalowerere."

Anatukula mapewa n'kubwerera kumisomali yawo. Ine kupusa kwanga ndinayesa nkhani yathera pomwepo.

Okushoni inkatha Loweruka 3 koloko masana. Cha m'ma 12 foni inalira. Munthu wachiwiri waika 250! Pamsika uja mayina a opikisana amawabisa, umangoona tizilembo tiwiri, kotero sindinadziwe kuti ndi ndani. Bambo Mafunso anayankha ndi 280. Winayo 330. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Pofika 2 koloko mtengo unali 600, ine thukuta lili kamukamu. Ndinaitana alamu, akazi a achimwene, amene ankasesa pakhonde.

"Alamu, bwerani muone! Aja ankati ndi zitsulo aja abwere aone!"

Alamu anabwera ndi tsache lawo, anayang'ana foni, n'kungoti, "Eya, zili bwino." Maso awo anali pansi. Ine chimwemwe chinanditseka m'maso, sindinafunse.

Kutatsala mphindi imodzi Bambo Mafunso anaika 860. Kutatsala timasekondi tochepa winayo anaika 880, nthawi n'kutha. Ndinawamvera chisoni bambo aja, koma pang'ono pokha, chifukwa chipinda changa chinali chitapulumuka. Ndinadina kuti ndione kumene nditumize katundu.

Dzina la wogula linali dzina la sitolo ya achimwene. Msewu unali womwewu, nambala ya chitseko yomweyi. Malinga ndi msikawo, ndinayenera kumanga makina anga m'katoni, kupita nawo kupositi, kuti akazungulire dziko n'kudzafika mapazi khumi kuchokera pamene ndinaima. Achimwene ndi munthu woti dzina la sitolo yawo analidinda paliponse, pa ambulera, pa kapu, pa chipewa. Potsegula akaunti yakubayo sanathe kudziletsa.

Ndinawapeza kukauntala akuyeza misomali pasikelo. Ndinadikira wogula atuluke, kenako ndinaika foni patsogolo pawo.

"Mwapambana, achimwene. Ndikutumizireni pa positi kapena mubwera nokha?"

Anakanda kumutu. "Ndinadina kamodzi kowonjezera. Ndimayesa akweranso, nkhalamba ija inali itatentha."

"Ndinakuuzani kuti musalowerere."

"Usakwiye, palibe chaonongeka. Ndafufuza kale. Ungonena kuti wopambana walephera kulipira, ndiye msika umakulola kupatsa wachiwiri pa mtengo wake womaliza. Mkuluyo atenga pa 860, akusangalala. Ndakukwezera kuchoka pa 200 iwe utangokhala. M'malo mothokoza ukundituzulira maso?"

Apa ndinene chilungamo: ndinaifuna 860 ija. Kudina kamodzi kokha, chipinda chikhala changa, achimwene atseka pakamwa, ndipo palibe akanadziwa. Koma ndinkangoona bambo aja atakhala pashopu yawo yopanda makina, akuwonjezera 20, akuwonjezera 30, akudula za mawa ndi za mkuja, kulimbana ndi munthu amene sanafune n'komwe kugula. Mkwiyo unandikwera kuchokera kumapazi.

Ndinalemba uthenga nditaima pomwepo, ndipo ndinawawerengera mokweza.

"Bambo, amene mumapikisana naye lero ndi mchimwene wanga. Anachita zimenezi kuti akweze mtengo, ine nditamuletsa. Popanda iyeyo mukanapambana pa 200. Makinawa ndi anu pa 200. Pepani kwambiri."

Alamu anasiya kusesa. Achimwene nkhope inasintha.

"Wapenga iwe? Ukundiyalutsa kwa munthu wosamudziwa?"

"Mwadziyalutsa nokha. Ine ndangolemba."

"Ukatumiza zimenezo, Lolemba ndipeze chipinda changa chili mbee. Ndikunenetsa."

"Ndamva, achimwene."

Ndinadina, uthenga n'kupita. Kenako ndinathetsa malonda aja, ndipo pamene msika unafunsa chifukwa ndinalemba zomwezo, osachotsera osawonjezera.

Yankho la Bambo Mafunso linafika Lamulungu m'mawa, ndikuchapa.

"Mayi, zikomo pondiuza. Koma dzulo mtima wanga unathamanga maola atatu chifukwa cha masewera a pabanja panu. Kuti inu munalimo kapena ayi, ine sindingadziwe. Makinawo akhale, ndifuna kwina."

Ndinawerenga kawiri, thovu lili m'manja. Zinandiwawa kuposa mawu onse a achimwene. Ndinakhala pa ndowa n'kulira ndithu, kulira kwa mamina, chifukwa chipinda ndataya, wogula ndataya, ndipo munthu yekhayo amene ndinamuchitira chilungamo akundikayikira. Koma mkuluyo sanalakwe. Ndikanakhala ine ndikanayankha chimodzimodzi, mwinanso ndi mwano pamwamba. Nditatha kulira ndinatsuka kumaso, ndinakankhira bedi kukhoma, n'kuyeza ndi tepi malo otsala. Tebulo likanakwana, bola chitseko chisatseguke chonse.

Masana ake eni msika anandilembera. Akaunti ya achimwene aitseka, ine andipatsa chenjezo, zikadzachitikanso nanenso ndidzapita. Ndinawayankha kuti sizidzachitikanso, chifukwa wochita zimenezo sadzayandikiranso katundu wanga.

Lolemba m'mamawa ndinabwera ndi kagalimoto konyamula katundu. Dalaivala anayang'ana makina asanu ndi anayi, anafunsa za masitepe, n'kuimba mluzu. Alamu anavula epuloni n'kuyamba kunyamula mabokosi a zipangizo. Titatsala awiri m'kachipindamo anandinong'oneza.

"Alamu, ndinawaona akudina Loweruka lija. Ndinaopa kunena."

"Ndikudziwa, alamu. Gwirani uko, shelefuyi ndi yanganso."

Makina akuda aja ndinawasiya komalizira, ndipo sindinalole wina kuwakhudza. Ndinawakumbatira pamimba, makilogalamu khumi ndi anayi achitsulo chenicheni, n'kutembenuka. Achimwene anali ataima pakhomo, makiyi ali m'manja. Maso awo anali ofiira, ndipo ndinadziwa kuti nawonso sanagone bwino. Ndi mchimwene wanga, anandibereka kumsana ndili mwana, ndipo mwa nzeru zawo zokhotazo ankayesa akundithandiza. Zimenezo ndinazidziwa, koma makina sindinatsitse.

"Ndamva kuti nkhalamba ija yakana," anatero.

"Yakana."

"Ndiye wapindula chiyani? Makina ali pompa, chipinda chapita. Tsitsa zimenezo, mlongo wanga. Tiiwale. Ukhale mpaka mwezi wamawa, kenako tidzakambirane za kukauntala."

"Ndawaikanso pa okushoni m'mawa uno."

"Pa zingati?"

"Pa 200."

"Ndipo akabweranso mmodzi yekha?"

"Atenga pa 200, ine ndikonza ena."

"Pamwamba paja? Pogona pomwepo, pophika pomwepo? Udzabwera wekha kuno ukulira."

"Kulira ndalira kale dzulo, zatha. Tapatukani, achimwene, makinawa ndi olemera."

Anayang'ana makinawo, anandiyang'ana ine, kenako anasuntha n'kutsamira kukhoma. Ndinadutsa chammbali kuti chogwirira chisagunde chitseko.